Mita imodzi mabanja anayi: kugawana bilu, prepaid, kapena aliyense kamita kake?

Ndakhala pa lendi mu Blantyre muno zaka zambiri, mipanda itatu yosiyana, ndipo konseko nkhani yomwe ndaiona ikudanitsa maneba mpaka osapatsana moni ndi ya madzi. Pomwe ndili pano tilipo mabanja anayi, nyumba yaikulu kutsogolo, zathu zitatu kumbuyo, paipi yochokera kumsewu ndi imodzi basi. Njira zitatu taziyesa ndithu, yachinayi timangoisirira kwa anzathu, ndiye ndati ndikufotokozereni mmene iliyonse imakhalira mwina ena muli pa vuto lomweli.

Tinayamba ndi yomwe aliyense amayambira, mita imodzi ya bilu ya pamwezi nkumagawana. Ubwino wake ndi umodzi wokha, simugula kanthu, simuitana pulambala. Koma kugawanako ndiye pagona nkhani. Mukati tigawane mofanana nyumba ndi nyumba, wokhala yekha amadandaula. Mukati tiwerenge mitu, kumabuka funso loti khanda ndi mutu kapena ayi, nanga alendo ochokera kumudzi amene akhala milungu itatu aja. Mwezi wina bilu inabwera pafupifupi kawiri ya nthawi zonse, tinakhala pansi pa mtengo wa mango Lamulungu masana, mnyamata wa nyumba yakumapeto anati "ine ndimachoka 6 koloko m'mawa kubwera usiku, ndilipire chimodzimodzi ndi nyumba ya anthu 7?" Mayi a nyumba yapakati, omwe anali ndi khanda ndipo maso onse anali pa iwo chifukwa cha matewera, anangoti "achimwene, galimoto ya anzanu ija mumatsukira pano Loweruka lililonse bwanji simukuitchula?" Zinandimvetsa chisoni kwambiri chifukwa mayi aja analira, ndipo mapeto ake olakwa sanali iwo komanso sanali mnyamatayo.

Pulambala wina ndi amene anatiuza kuti titseke mipope yonse usiku, tijambule mita, m'mawa wina asanatsegule tijambulenso. Pa mita paja manambala akuda ndi ma cubic metre, ofiira ndi malita, ndipo cubic metre imodzi ndi malita 1,000, kunena kuti zigubu 50 za malita 20 zija. Usiku umodzi wokha tonse tili mtulo mita inayenda malita oposa 200. Anali kamphira ka m'kathanki ka chimbudzi chogejemula cha nyumba yaikulu, kanali katatha, madzi amangotsikira m'mbale mwakachetechete usana ndi usiku. Kanthu kotchipa, koma kanatsala pang'ono kusamutsa banja. Vuto la njira imeneyi ndi limeneli, palibe amene akuona kuti madzi akupita kuti ndiye aliyense amangoloza yemwe wamuona ali pampope. Komanso m'modzi akachedwa kusonkha nkufika podula madzi, amadulira nonse, ndi ndalama yolumikizanso yomwe mukanganirananso.

Kenako eni nyumba anasinthitsa kukhala prepaid. Apa ndinene chilungamo, pa nkhani ya ngongole prepaid ndi yabwino kwambiri, palibe bilu yodzidzimutsa, palibe kusiyirana ngongole munthu akasamuka, mumagula mayunitsi pafoni nkulowetsa tokeni basi. Kwa banja limodzi ndingakulimbikitseni popanda kukayika. Koma kwa mabanja anayi sinathetse mkangano, inangousuntha, uja umabwera kamodzi pamwezi unayamba kubwera sabata iliyonse. Madzi amatha wina ali kubafa sopo thupi lonse, kapena mphika uli pamoto, ndiye funso nkumati lero agule ndani. Tinapanga ndondomeko yosinthana koma yemwe wagula sabata imeneyo amakhala ngati mlonda, akangomva mpope ukulira amasuzumira pawindo, ndipo wina anafika poika loko pampope wapanja. Ndipo pakakhala podontha prepaid sikhululuka, mayunitsi amangodyeka mukugona. Chokomera chake nchakuti mumazindikira msanga, simudikira mwezi kutha.

Yomwe yatipatsa mtendere ndi timamita tating'ono, ena amati sub-meter ena cheki mita. Mumagula ku hardware, pulambala nkuika kamodzi pa paipi yolowa m'nyumba iliyonse, ndipo muonetsetse kuti pambali pake waikapo gate valve kapena stop cock kuti nyumba imodzi ikaphulika paipi muzitseka yokhayo osati mpanda wonse. A Water Board timamita timeneti sakuwerengerani, iwo amadziwa mita yawo yaikulu ija basi, ife tokha ndi amene timawerenga. Mwezi ukatha timaona kuti nyumba iliyonse yadya zingati, aliyense nkulipira molingana ndi gawo lake. Mukaphatikiza timamita tonse sizimafanana ndendende ndi mita yaikulu, pamatsala kusiyana pang'ono, kumeneko timagawana mofanana chifukwa ndi madzi a pampope wapanja. Kusiyanako kukakula mwadzidzidzi ndiye tadziwa kuti paipi yapansi ikudontha penapake, timayamba kufufuza pomwe pamera udzu wobiriwira m'chilimwe. Mwezi woyamba weniweni mayi a khanda aja anapezeka kuti ndi achitatu pa kagwiritsidwe, sanalankhule kanthu koma tonse tinachita manyazi.

Nayo ili ndi zovuta zake. Pamafunika ndalama poyamba, mamita, ma fittings ndi pulambala, ndipo tinakangana kaye kuti alipire ndani mpaka eni nyumba anavomera kuti tichotsere pa lendi pang'onopang'ono. Timamita totchipa kwambiri timagwira mchenga, madzi akabwera amatope atasowa masiku angapo kamita kamatha kuima osawerenga, ndiye musathamangire kotchipa. Ndipo ngati mpanda wanu nonse mumatunga pampope umodzi wapanja, njira iyi sikuthandizani, palibe poika. Pamenepo bola kuwerenga zigubu ndi ndowa, kapena kungovomereza kukatunga ku kiyosiki komwe umalipira chigubu chako nkumapita, ngakhale mzere wake ndi kusenza kwake sikophweka makamaka kwa azimayi ndi ana.

China chomwe timamita sitithetsa ndi mphamvu ya madzi. Madzi ambiri a mu Blantyre amachokera mu Shire ku Walker's Ferry, amachita kupopedwa kukwera mtunda wautali kuti afike mtauni, ndiye malo okwera mphamvu imachepa, ndipo mumpanda momwemo nyumba yakumapeto kwa paipi ndi imene imavutika. Akutsogolo akatsegula kudzaza madiramu, ife akumbuyo mpope umangotulutsa mpweya. Izi tinakonza ndi pakamwa, tinagwirizana kuti madzi akabwera oyamba kutunga ndi akumbuyo kwa ola limodzi, madiramu ndi kuchapa mabulangete pambuyo. Ngati wina ali ndi thanki, uzani pulambala aike ball valve yabwino kuti ikadzaza izitseka yokha, thanki yosefukira usiku imadya madzi kuposa banja lonse.

Njira yachinayi ndi kuti nyumba iliyonse ikhale ndi mita yake ya Water Board. Kunena zoona iyi ndiye yomaliza nkhani, akakudulira akudulira wekha, ukadontha ukulipira wekha. Palinso phindu lina lomwe ambiri saliganizira, mtengo wa madzi umakwera ndi magawo, amene wagwiritsa ntchito ochepa amalipira mtengo wotsika pa cubic metre, ndiye mabanja anayi akaunjikana pa mita imodzi amakwera msanga kufika pa gawo lodula ngakhale aliyense payekha sanawononge. Koma kulumikiza kwatsopano kumafuna ndalama zambiri, mapaipi, kukumba ngalande, ndipo mita imalembedwa pa malo a eni nyumba, iwe wa lendi ukasamuka suinyamula. Ngati nyumbazo ndi zanu kapena ndinu abale mwagawana puloti ya makolo, chitani iyi musachedwe, abale akadana pa madzi zimapweteka kuposa maneba. Ngati muli pa lendi, kambiranani ndi eni nyumba, koma musatulutse ndalama yanu popanda kulemberana.

Kaya musankha iti, nkhani ya kukonza mapaipi igwirizanidwe zinthu zisanawonongeke. A Water Board udindo wawo umathera pa mita, kuyambira pamenepo kulowa mumpanda ndi zanu. Ife tinalemba m'kope kuti paipi yapansi yomwe tonse timadalira ndi ya eni nyumba, mpope wapanja timasonkha tonse, za m'nyumba monga mphira, shawa ndi chimbudzi aliyense zake ndipo akonze pasanathe masiku atatu apo ayi timutsekera pa valve yake. Kumanga paipi yothyoka ndi mphira ya chubu tinaletsa, imagwira masiku awiri kenako imayambanso kudontha.

Ndiye kwa mpanda wa lendi ngati wathu ine ndikuti prepaid pa mita yaikulu, timamita pa nyumba iliyonse. Pa 1 mwezi uliwonse anthu awiri a nyumba zosiyana amazungulira limodzi kujambula mamita onse, zithunzi zimapita pa gulu lathu la WhatsApp, aliyense amawerengera yekha pafoni pake nkutumiza ndalama yake kwa amene akugula mayunitsi mwezi umenewo.