Utsi wa kumwera kwa Durban ndi sukulu yanga kuno ku Joni

Abale anga, ambiri mwa inu mukamva kuti ndili ku Joni kuphunzira za chilengedwe mumangoti, "Ndiye kuti za mitengo basi." Amalume anafika pondifunsa pa foni ngati ndidzabwere ndi mbande. Ndati ndilembe kamodzi bwinobwino kuti aliyense adziwerengere yekha.

Mitengo ilimo, koma ndi kagawo kochepa. Ku University of KwaZulu-Natal kuno ku Durban nthawi yambiri imathera mu labotale ndi pa kompyuta: kuyeza madzi, nthaka ndi mpweya, kujambula mapu pa kompyuta (GIS), kulimbana ndi statistics, kenako malamulo. Amene anathawa chemistry ku sekondale poganiza kuti uku n'kopumulira, amaipeza ikumudikira pakhomo. Koma phunziro lomwe landigwira mtima ndi la chilungamo pa nkhani za chilengedwe. Funso lake ndi limodzi lokha: fakitale ikamatulutsa utsi, akuupuma ndani, akudya phindu ndani, ndipo anagamula kuti zikhale choncho ndani?

M'kalasi amayambira ku America, ku Warren County m'chigawo cha North Carolina, kumene mu 1982 anthu akuda anagona mumsewu kutsekereza malole odzataya dothi la poizoni m'dera lawo. Koma ife sitifunika kupita kutali choncho. Chitsanzo chathu chili kumwera kwa mzinda womwe uno.

Kumeneko kuli chigwa. M'chigwamo munamangidwa mafakitale awiri akuluakulu oyenga mafuta a galimoto: ya Engen, yomwe inayamba mu 1954, ndi ya Sapref, yomwe inali ya Shell ndi BP, mu 1963. Muli fakitale ya mapepala ya Mondi, mafakitale a mankhwala, ndipo mpaka 2010 bwalo la ndege linali momwemo. Tsono boma la tsankho, pogwiritsa ntchito lamulo la Group Areas Act la 1950, linagawa anthu potengera khungu: makaladi ku Wentworth, amwenye ku Merebank, anthu akuda ku Umlazi, azungu pamtunda pa Bluff. Mafakitale ankafuna antchito okhala pafupi, ndipo boma linawapatsa. Mukaima ku Wentworth lero mumaona mpanda wa fakitale tsidya lino la msewu, nyumba za anthu tsidya linalo, zovala za ana zili pa chingwe. Palibe anachita kulakwitsa mapu. Anachita kukonza dala.

Bungwe la anthu a m'deralo, South Durban Community Environmental Alliance, limayendetsa alendo ndi ana asukulu m'madera amenewa. Ife tinapita ngati kalasi. Chomwe chinandidabwitsa si fungo, ngakhale linalipo ndithu, koma momwe amayi wamba a kumeneko amalankhulira. Mayi wina wachikulire ankatchula sulphur dioxide ndi benzene, poizoni wa mu utsi wa mafakitale, mosadodoma n'komwe, kuposa ena a ife ovala mayunifolomu a labotale. Anatifotokozera kuti nthawi yozizira mpweya wozizira umatsakamira pansi m'chigwa, wofunda n'kukhala pamwamba ngati chivundikiro pa mphika, ndiye utsi wonse umasowa kothawira. Masiku oterowo ana a mphumu sagona. Ife zimenezi tinali titaziwerenga m'buku sabata yomweyo.

Anthuwa akhala akudandaula kuyambira kalekale. Mu 1995 Nelson Mandela atabwera ku fakitale ya Engen anawapeza pa geti atanyamula zikwangwani, ndipo anaima n'kuwamvera. Koma dandaulo lokha makampani ankaliyankha mosavuta: umboni uli kuti? Mpamene anayamba kugwiritsa ntchito ndowa. Ndowa yeniyeni ya pulasitiki, m'kati muli thumba lapadera, ndipo ili ndi kapampu. Fungo likabwera usiku, munthu amatuluka, n'kukokera mpweyawo m'thumba, kulemba nthawi ndi komwe mphepo ikuchokera, thumbalo n'kutumizidwa ku labotale. Zotsatira zitabwera zosonyeza benzene wambiri, nkhani inasintha. Sanalinso "anthu aphokoso a ku Wentworth", anali anthu okhala ndi manambala m'manja. Awiri mwa atsogoleri awo, Bobby Peek mu 1998 ndi Desmond D'Sa mu 2014, analandira mphotho ya Goldman ya omenyera chilengedwe, yomwe mlongo wathu Gloria Majiga-Kamoto analandiranso mu 2021 chifukwa cha nkhondo ya majumbo opyapyala kwathu ku Malawi.

Manambala amafunikanso lamulo loti aimepo. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino, a 1996, limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo posawononga thanzi lake. Mu March 2022 khoti lalikulu ku Pretoria linagamula kuti mpweya woipa wa ku Highveld, kumene kuli malo ambiri opangira magetsi ndi malasha, ukuphwanya ufulu umenewu. Anasumira boma ndi mabungwe awiri, groundWork ndi Vukani ya ku eMalahleni. Mpweyawo sunayere tsiku lotsatira, ayi ndithu, koma boma silingathenso kunena kuti ndi nkhani ya maganizo a anthu chabe.

Ndisakunamizeni kuti zonse n'zosalala. Fakitale ya Engen inapsa mu December 2020 ndipo sinayambenso kuyenga mafuta. Sapref inaima mu 2022. Ena m'kalasi anaomba m'manja. Koma mnzathu wina amene bambo ake ankapeza ganyu kumeneko anangoti, "Mpweya wabwino sitiphika." M'kalasi munati zii. Aphunzitsi sanayese kumutsutsa, ndipo anachita bwino, chifukwa banja lomwelo lopuma utsi ndi lomwenso limayamba kugona ndi njala fakitale ikatseka.

Ndikamamva zonsezi mtima umathawira kumudzi. Kwathu nkhani ya chilengedwe ikayamba, imathera pa bambo wa makala amene akukankha njinga mbandakucha. Ndi iyeyo amalandidwa matumba pa rodibuloko, pamene ife a m'tauni ogula makalawo, magetsi akathima, palibe amatifunsa kanthu. Nanga Mudi ku Blantyre, amene amautsirira zoipa ndani, ndipo amachapamo ndi kuthiriramo ndiwo zamasamba ndani? Nanga okhala pafupi ndi mtaya wa Mzedi anafunsidwapo? Namondwe wa Freddy atabwera mu March 2023, matope a phiri la Soche anakokolola nyumba za ku Chilobwe, ndipo tinamva ena akuti, "Anamangiranji m'phiri?" Ngati kuti munthu wa ganyu anapatsidwa puloti pabwino n'kuikana.

Ndipo pali utsi wina umene sitiuwerengera n'komwe. Kuno timayeza tinthu ting'onoting'ono ta mu utsi totchedwa PM2.5, tosaoneka ndi maso, tomwe timalowa mpaka m'kati mwa mapapo. Bungwe la WHO mu 2021 linati pa chaka tisapitirire mamaikilogalamu 5 pa kiyubiki mita imodzi ya mpweya. Khitchini ya nkhuni yopanda zenera imadutsa pamenepo kutalitali nthawi yophika. Amene amakhala m'menemo m'mawa, masana ndi madzulo ndi amayi, mwana ali kumbuyo. Ife abambo timadikira nsima panja pa mphepo yabwino.

Kwathu ku Malawi lamulo tili nalo. Environment Management Act ya 2017 imapereka ufulu wa malo aukhondo ndi athanzi, ndipo inakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA. Chomwe ndikuona kuti chikutichepera ndi chomwe amayi a ku Merebank ali nacho: anthu a pamalopo oyeza okha, kulemba tsiku ndi tsiku, ndi kusunga zolembazo mpaka tsiku loti azitulutse. Kafukufuku wanga ndikufuna akhale wa zimenezi, zipangizo zotchipa zoyezera utsi zomwe komiti ya m'mudzi kapena ya pamsika ingathe kuzigwiritsa ntchito popanda kudikira katswiri wochokera ku Lilongwe.

Kwa achimwene ndi achemwali amene mwakhala mukundifunsa njira: ngati muli ndi digiri ya kwathu, mapepala anu ayenera kuyamba aunikidwa ndi SAQA, bungwe la kuno loona za mapepala a sukulu, ndipo zimatenga nthawi, choncho yambani msanga. Digiri yoyamba kuno ndi ya zaka zitatu, kenako chaka cha honours, kenako master's. Visa ya sukulu imafuna medical aid ya konkuno, ndipo imalola ganyu ya maola osapitirira 20 pa sabata. Musawerengere ganyuyo kuti ilipira fizi ndi lendi, siingakwane. Ndipo amene muli ku sekondale, chemistry ndi masamu muzigwire ndi manja awiri.