Tbilisi: kulipira gaidi kapena kuzungulira wekha?

Anzanga mwandifunsa mokwana pa WhatsApp kuti ku Tbilisi, likulu la dziko la Georgia, ndibwino kubukitsa ma tour aja a tsiku lonse okhala ndi gaidi, bafa ndi chakudya chamadzulo, kapena kungodziyendera. Ndiyankhe pano kamodzi basi.

Pa nkhani yoona malo kusiyana kwake nkochepa. Gaidi akukwezani kebulo, kangolo koyenda m'mwamba pa chingwe, kuchokera ku Rike Park kukafika ku Narikala, linga lakale lija lili pamwamba pa phiri, mujambulitsa pa Kartlis Deda, mayi wa aluminiyamu wamtali mamita 20 amene dzanja lina wagwira mbale ya vinyo lina lupanga, kenako mutsika nkuwoloka Bridge of Peace. Zonsezi zili moyandikana, wekha umazimaliza m'mawa umodzi ndi miyendo. Chomwe gaidi amakuposera ndi nthano, monga ya mfumu Vakhtang Gorgasali amene akuti anatulukira akasupe otentha aja ali kosaka, koma nthano yokhayo siyokwana mtengo womwe amatchula. Mayendedwe nawo si vuto, metro, sitima yapansi pa nthaka, ndi 1 lari (ndalama ya kumeneko) ndipo ili ndi mizere iwiri yokha, kusochera nkovuta, kwinako Bolt, app yoitanira takisi, ilipo.

Pomwe ndinapsa mtima ndi pa bafa. Ku Abanotubani kuli mabafa a madzi a sulfure, nyumba zake ndi zija za madenga ozungulira a njerwa zotulukira pansi, ndipo kampani yomwe tinalipira (sinditchula dzina) inalemba kuti bafa lili mu mtengo. Tikufika kumeneko tinangopeza kuti chomwe alipira ndi chipinda cha ola limodzi basi, ndiye gulu lonse tigawane. Thaulo, lipira. Sopo, lipira. Tiyi, lipira. Kukhula thupi kuja amati kisa, komwe ndiko anthu amapitira ku mabafawa, munthu wake wotchedwa mekise amakugoneka pa mwala nkukupala ndi chinsalu chokhakhala mpaka litsiro limene sumadziwa kuti uli nalo likugubuduka, nakonso ndalama yake payokha ndipo amafuna kashi. Gaidi wathu nthawi yonseyi ali panja pa foni, titamufunsa akuti aliyense amadziwa zimenezi. Aliyense ndani? Ife tachokera kutali, ndiye chifukwa chake tinakulipira iwe kuti utiuze.

Ndipo chowawa nchakuti zonsezi ukapita wekha zimalembedwa poyera pa resepishoni, chipinda mwakuti pa ola, kisa mwakuti, umasankha wekha, kapena umalowa bafa la anthu onse lomwe ndi lotchipa kwambiri, amuna kwawo akazi kwawo. Fungo ndi la mazira owola, zimenezo musadabwe nazo, pakapita mphindi zingapo mphuno imazolowera.

Chakudya chamadzulo nachonso chinali chimodzimodzi. Anatitengera kufupi ndi msewu wa Shardeni komwe kumadzaza alendo, kuvina kunali kwabwino sindinama, anyamata aja amavina ndi zala za kumapazi mpaka umawamvera chisoni, ndipo kuyimba kwawo kwa mawu atatu kumakugwira mtima. Koma vinyo wa mu mtengo anali tambula imodzi, yachiwiri ikubwera pa bilu, pamwamba pake service charge, yomwe nthawi imeneyo malesitilanti ambiri kumeneko ankaika cha pa 10 peresenti ndipo inkalembedwa timalemba ting'onoting'ono pansi pa menyu. Amatcha supra, phwando la chikhalidwe chawo, koma supra yeniyeni imakhala ndi tamada wotsogolera kumwa ndi malankhulidwe ataliatali, apa panali munthu wa maikolofoni akuthamangitsa pulogalamu kuti gulu lina lilowe.

Ukamadziyendera umadya bwino kuposa pamenepa. Khinkali, timatumba ta ufa wokanda tokhala ndi nyama mkati, amagulitsa mmodzimmodzi, umamugwira pa kamchira, kuluma pang'ono, kumwa msuzi wamkatimo kaye kenako nyama, kamchirako umasiya pa mbale ndipo foloko musayerekeze. Khachapuri ya Adjaruli, buledi wooneka ngati bwato wodzaza tchizi, dzira ndi batala, imodzi imakwana anthu awiri olo mukane. Lobio ndi nyemba za mu kam'phika kadothi, amene mwasowa zakumudzi yambani ndi imeneyi. Buledi wa shoti wotentha wongotuluka mu uvuni ya tone amapezeka m'timabekale ta m'makona, churchkhela, mtedza wotungidwa pa ulusi nkuviikidwa mu phala la madzi a mphesa, kagulireni ku Dezerter Bazaar pafupi ndi Station Square osati pa matebulo a mu Old Town. Chacha samalani nayo, ndi kachasu wa mphesa ndipo sachita nthabwala.

Ndiye mkati mwa tauni ine gaidi ayi. Mtskheta, likulu lakale lija, nako umafikako wekha pa marshrutka, minibasi ya kumeneko, yochokera ku siteshoni ya Didube. Komwe ndingalipire munthu ndi ku chigawo cha Kakheti kokawona vinyo wa mu qvevri, mitsuko ikuluikulu yadothi yokwiriridwa pansi yomwe UNESCO inaizindikira mu 2013, chifukwa ndi kutali ndipo ukalawalawa sungagwire chiwongolero. Koma ngakhale kumeneko muwauze akulembereni pa meseji kuti matambula ndi angati, nkhomaliro ilimo kapena ayi, musanatumize lari ngakhale imodzi.