PrePoMax ndi CalculiX: mphamvu za pa zogwirizira zimatuluka bwino, bola mudziwe zimene RF ikuwerenga

Ndimagwiritsa ntchito PrePoMax, pulogalamu yomwe imayendetsa CalculiX (pulogalamu yochita masamu ake) kuseri, poyesa zitsulo pa kompyuta zisanadulidwe. Ndi yaulere, koma idapangidwira Windows.

Chimene chandikokera kwambiri n'chakuti nthawi zambiri sindidziwa katundu amene chitsulo chidzasenze. Chomwe ndimadziwa n'chakuti chiyenera kupindika mpaka pati. Ndiye m'malo moika mphamvu, ndimalamula kuti nsonga isunthe mamilimita akutiakuti, kenako n'kufunsa kuti pamenepo pafunika mphamvu yochuluka bwanji. Pulogalamuyi imagawa chitsulo m'tizidutswa totchedwa ma element, tolumikizana pa timfundo totchedwa ma node, ndipo zonse pamodzi zimatchedwa mesh. Mumasankha ma node a pamalo omwe mwawasuntha kapena kuwamanga, n'kupempha RF (mphamvu za pa ma nodewo) pa gawo la zotsatira lotchedwa History output, muiuzenso kuti iwonkhetse zonse. Nambala imabwera imodzi pa X, Y ndi Z, popanda kuvutika kuphatikiza node iliyonse pamanja.

Ndisanaikhulupirire ndidaiyesa pa mtanda wachitsulo wa mamilimita 20 m'lifupi, 20 kuchindikala ndi 500 m'litali, womangidwa mbali imodzi, E (muyeso wa kuuma kwa chitsulo) ali 210000 MPa, nsonga yokankhidwa mamilimita 2. Papepala, 3EIδ/L³ (I ndi muyeso wochokera ku m'lifupi ndi kuchindikala, δ ndi kusuntha kwa nsonga, L ndi kutalika) imapereka 134 N. Ndi ma element a C3D10 (a ma node khumi) yankho lidafika pafupi kwambiri, ndipo mphamvu ya kunsonga idafanana ndi ya komangidwa, kusiyana chizindikiro chokha. Ndi C3D4 (a ma node anayi) nambala idakwera, poti ma element amenewa ndi ouma popindika. Apo vuto si pulogalamu ayi, n'kusankha mesh.

Pamene pafunika maso ndi apa. Mu CalculiX, RF si mphamvu ya chogwirizira yokha. Imaphatikizanso katundu aliyense wogwera pa node yomweyo, ndipo buku la malangizo limanena zimenezi poyera. Mukayatsa mphamvu yokokera pansi, mtanda uja umalemera pafupifupi 15.4 N, koma RF ya komangidwa imaperewera pang'ono, chifukwa gawo la kulemerako limagwera pa ma node omangidwawo n'kuchotserana. Mesh ikakhala ya ma element akuluakulu, kuperewerako kumakula. Mphamvu zodzera mu ma multiple point constraint (malamulo omangiriza kusuntha kwa ma node angapo pamodzi) nazonso siziwerengedwa.

Mayunitsi musaseweretse: mukagwira ntchito mu mamilimita ndi N, kulemera kwa chitsulo ndi 7.85e-9 matani pa mm³.

PrePoMax ndaipatsa nyenyezi 4 pa 5. Amene adazolowera mafailo a .inp a Abaqus, pulogalamu ina ya ntchito yomweyi, sangachedwe kuizolowera, chifukwa kalembedwe ka mafailo a CalculiX n'kofanana ndithu.