Zipolopolo zoyeserera za 9mm: za mkuwa, za chitsulo, za aluminiyamu kapena zodzazidwanso?

Munthu amene ali ndi laisensi ya pisitolo ku South Africa ndipo amapita kawirikawiri kumalo owombera chandamale sachedwa kuona kuti ndalama zake zambiri zikuthera pa zipolopolo, pakuti mfuti amaigula kamodzi pamene bokosi la zipolopolo 50 limatha m'kanthawi kochepa. Ndikamba za 9mm Luger, yomwe pa mabokosi ena imalembedwa 9x19 kapena 9mm Parabellum, chifukwa ndiyo imene ambiri a ife timawombera, ndipo ndiyonso ili ndi mitundu yambiri m'masitolo yoti munthu n'kusokonezeka nayo.

Lamulo limayamba kutisankhira tisanafike n'komwe pa mtengo. Firearms Control Act ya 2000 imalola munthu kusunga zipolopolo zosapitirira 200 pa mfuti iliyonse imene ali nayo laisensi, kupatula amene anavomerezedwa kukhala dedicated sports person kapena dedicated hunter (wowombera wa masewera kapena mlenje wodzipereka) kudzera m'bungwe lovomerezeka. Choncho malangizo ochokera ku America akuti gulani zipolopolo 1000 nthawi imodzi kuti mtengo utsike sagwira ntchito kwa munthu amene alibe chilolezo chimenechi. Iye amagula mabokosi anayi basi, ndipo chimene ayenera kuchita ndi kugawa mtengo wa bokosi ndi chiwerengero cha zipolopolo zake kuti aone mtengo wa chimodzi, n'kuyerekeza sitolo ndi sitolo.

Zipolopolo za chigoba (kachubu kosunga onga) cha mkuwa zopangidwa ku fakitale, zomwe mutu wake ndi mtovu wokutidwa ndi mkuwa ndipo pa bokosi amalemba FMJ, ndizo muyezo umene zina zonse ziyenera kuyesedwera. M'gululi muli Sellier & Bellot ya ku Czech Republic, Magtech ya kampani ya CBC ku Brazil, Fiocchi ya ku Italy, PMC ya ku South Korea, komanso PMP ya ku Pretoria yomwe ili pansi pa Denel. Mkuwa ndi wofewa bwino: onga ukaphulika chigoba chimafutukuka n'kutseka mpata wonse kuti mpweya wotentha usabwerere m'mbuyo, kenaka chimabwerera pang'ono m'chimake kotero kuti kachitsulo kochikoka kamachitulutsa mosavuta. Ichi ndicho chifukwa chake pisitolo zambiri zimadya zipolopolo zimenezi popanda kukakamira, ndipo m'kati mwa mfuti simuda msanga. Ubwino wina umene anthu amaiwala powerengera ndi wakuti chigoba cha mkuwa chokhala ndi primer (kachitsulo koyatsa onga kunsi kwa chigoba) ya mtundu wa Boxer, yomwe imachotsedwa mosavuta, chimadzazidwanso onga ndi mutu watsopano kangapo, ndiye kuti zigoba zimene mwatola pansi zikadali ndi mtengo wake. Pakati pa mayina asanuwa sindiona kusiyana kokwanira kuti munthu alipirire ndalama zoonjezera pa zoyeserera wamba. Limene latsika mtengo tsiku limenelo, bola mfuti yanu inaliyesa kale, ndilo loyenera kugula.

Za chigoba cha chitsulo, monga za Barnaul ndi Tula za ku Russia, zinatchuka chifukwa cha kutsika mtengo, ndipo si zoona kuti zimawononga pisitolo nthawi yomweyo monga ena amanenera. Zovuta zake zili apa. Chitsulo sichifutukuka ngati mkuwa, motero mwaye umalowa m'mbali mwa chigoba, mfuti imada msanga, ndipo pisitolo zimene mpata wake wolowera chipolopolo ndi wothina zimayamba kukana kutulutsa chigoba. Zambiri zili ndi primer ya Berdan, yomwe ndi yovuta kuchotsa, choncho kawirikawiri sizidzazidwanso. Chachikulu kuposa zonsezi ndi mutu wake, umene nthawi zambiri umakutidwa ndi chitsulo chofewa chopakidwa mkuwa pamwamba. Mutu wotere umathetheka moto ukamenya chitsulo cha kumapeto kwa malo owombera ndipo umachiperepesa, n'chifukwa chake malo ambiri a m'nyumba amaika maginito pa chipolopolo chanu ndipo akamata amakubwezani. Dziwaninso kuti America inaletsa kuitanitsa zipolopolo za ku Russia mu 2021, kotero zambiri zimene zinalembedwa kumeneko zotamanda kutchipa kwake ndi za nthawi imene inapita. Ine ndingazigule pokhapokha ngati kusiyana kwa mtengo n'kwakukulu ndithu, malo owombera ndi a panja, ndipo eni malowo avomereza.

Za aluminiyamu, zomwe zodziwika kwambiri ndi CCI Blazer ya ku America, zili pakatikati. Mutu wake ndi wamba wa mtovu ndi mkuwa, maginito sagwira, ndipo m'pisitolo zambiri zimayenda bwino, koma chigoba chake ndi chogwiritsa ntchito kamodzi kokha. Kwa munthu amene satola zigoba palibe chimene wataya. Malo ena amazikana chabe chifukwa zimasakanikirana ndi zigoba za mkuwa zimene iwo amagulitsa.

Pa zodzazidwanso m'pamene pafunika kulankhula mosabisa mawu, chifukwa apa m'pamene mtengo umatsika kwambiri komanso m'pamene ngozi imabisala. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa zipolopolo zimene munthu wadzaza yekha mosamala potsata buku la miyezo, zimene zadzazidwa ndi kampani yokhala ndi chilolezo, ndi zimene mnzanu wakupatsani m'kathumba kopanda dzina. Zomalizazi musazilandire. Onga ukachepa kapena ukasowa m'chigoba, primer yokha imakankha mutu n'kuusiya wakakamira pakati pa mpope wa mfuti, ndipo chipolopolo chotsatira chikaumenya mpope umatupa kapena kung'ambika m'manja mwanu. Onga ukathiridwa kawiri, mfuti ikhoza kusweka nthawi yomweyo. Mukamva kulira kofooka kapena mfuti ikapanda kugunda monga mwa nthawi zonse, siyani kuwombera, chotsani magazini, ndipo onetsetsani kuti mpope ndi wopanda kanthu musanapitirize. Chipolopolo chikakana kuphulika, lozetsanibe mfuti ku chandamale kwa masekondi 30 musanachitulutse. Makampani ambiri opanga mfuti savomereza kukonza mwaulere mfuti imene yawonongeka ndi zodzazidwanso, ndipo Glock imachenjeza za mitu ya mtovu wosakutidwa, umene umamatirira mumpope wake. Ngakhale zili choncho, munthu amene amawombera kwambiri ndipo ali ndi mtima wodekha amapindula akamadzaza yekha, malinga akumbukire kuti lamulo lomwe lija limaika malire a primer 2400 pa mfuti iliyonse kwa amene si dedicated.

Funso la kulemera kwa mutu limadutsa mitundu yonseyi. Pa bokosi mupeza 115, 124 kapena 147 grain, amene ndi pafupifupi magalamu 7.5, 8 ndi 9.5. Mutu wa 115 nthawi zambiri ndiwo wotchipa, umathamanga kwambiri ndipo mfuti imagunda mwachangu. Wa 147 umayenda pang'onopang'ono, kawirikawiri osafika liwiro la phokoso, ndipo ambiri amati kugunda kwake n'kofatsa, koma ndi wodula ndipo supezeka nthawi zonse. Wa 124 ndiwo ndimalangiza, chifukwa umayendetsa bwino ngakhale pisitolo yatsopano imene sipuling'i yake ikadali yolimba, pomwe 115 wa onga wochepa nthawi zina amalephera kukankha slide (gawo la pamwamba pa pisitolo limene limabwerera m'mbuyo) mpaka kumapeto. Mitu yolemera mosiyana simenya malo amodzi pa chandamale, wolemera umakonda kukwera pang'ono, ndiye munthu wosinthasintha mlungu uliwonse amayamba kudzikayikira pa cholakwa chimene si chake. Amene akupikisana mu IPSC, bungwe la mipikisano yowombera, ali ndi chifukwa china: amafunika power factor yosachepera 125, yomwe imapezeka pochulukitsa kulemera kwa mutu mu grain ndi liwiro lake mu mafiti pa sekondi n'kugawa ndi 1000. Mutu wa 115 uyenera kufika pafupifupi mafiti 1087 pa sekondi, pamene wa 124 umakwanitsa ndi 1009.

Nkhani ya mtovu siyenera kunyozedwa ndi munthu wowombera m'nyumba. Mutu wa FMJ uli ndi mtovu woonekera kunsi kwake, umene moto wa onga umausandutsa fumbi, ndipo primer zambiri nazonso zili ndi mtovu. Mitu yolembedwa TMJ ndi yokutidwa mbali zonse, ndipo ilipo ina yokutidwa ndi pulasitiki monga Federal Syntech. Mtengo wake umakwera pang'ono, koma kwa amene amawombera m'chipinda chotsekedwa mlungu ndi mlungu ndalamazo sizipita pachabe. Kusamba m'manja musanadye n'kofunika pa mtundu uliwonse.

Ena amathawira ku chipolopolo chaching'ono cha .22 LR, ndipo pophunzira kugwira mfuti, kuyang'ana chandamale ndi kukoka trigger (kachitsulo kowombera) mosagwedeza palibe chotchipa kuposa icho. Chimafuna mfuti yakeyake ndi laisensi yake, chimakana kuphulika kawirikawiri kuposa 9mm chifukwa primer yake ili m'mphepete mwa chigoba, ndipo sichiphunzitsa kubweza mfuti pa chandamale ikagunda. Chimathandizira 9mm, koma sichilowa m'malo mwake.

Musanadzaze malire anu a 200 ndi mtundu umene simunauyesepo, gulani bokosi limodzi kapena awiri, muwombere ndi magazini onse amene muli nawo mfuti ili yoyera, ndipo mulembe nambala ya lot (gulu la zipolopolo zopangidwira limodzi) imene ili pa bokosi pamodzi ndi kukakamira kulikonse. Kukakamira kukamachitika ndi magazini imodzi yokha, vuto ndi magaziniyo. Kukamachitika ndi onse pamene mtundu wina ukuyenda bwino m'mfuti yomweyo, siyani mtunduwo ngakhale utatsika mtengo chotani, ndipo mubwerere ku FMJ ya chigoba cha mkuwa ya 124 grain.