National Archives ku Zomba: imathandiza, koma pitani mutakonzeka

Kwa anthu a ku Nsanje ndi Chikwawa ofuna mbiri ya banja lawo, nyumba yosunga zolembedwa zakaleyi, yomwe inayamba mu 1947, ndi yothandiza kwambiri ngati mtundu wanu unakhudzana ndi ufumu. Makalata a ma DC achitsamunda amatchula nkhani za Lundu, Tengani, komanso mafumu a Chikololo monga Kasisi, Katunga ndi Maseya, omwe makolo awo anabwera ndi David Livingstone. Za mlimi wamba sizipezeka kawirikawiri.

Ambiri amalephera chifukwa amapita ndi dzina la bambo lokha. Kuchigwa kuno dzinalo nthawi zambiri ndi dzina loyamba la agogo, ndipo limasintha m'badwo uliwonse. Funsani kaye akuluakulu mfunda wanu, mudzi wakale, nyakwawa ndi T/A. Kwa Amang'anja tsatani mbali ya amayi, kwa Asena ya abambo. Dzina loti Zuze muliyesenso ngati José, pakuti mabanja ambiri anawoloka kuchokera ku Mozambique, ena pothawa nkhondo ya mfumu Makombe yolimbana ndi Apwitikizi ya 1917.

Musafufuze "Nsanje". M'mafayilo akale ndi Port Herald kapena Lower Shire, ndipo azungu ankalemba mayina athu mmene anawamvera, choncho yesani kalembedwe kangapo.

Chovuta ndi mtunda wokwera Thabwa mpaka Zomba, komanso zolembedwa zambiri zili m'Chingerezi, zina pamanja. Ofuna masiku obadwa ayambire ku mabuku a ubatizo a ku parishi kwawo.