Mapu apakhoma osonyeza ulendo wa mbalame ya Arctic tern

Mapuwa ndinawagula m'sitolo ina ya mabuku ku Rosebank, kuno ku Johannesburg, mwana wanga atapatsidwa ntchito ya kusukulu yokhudza mbalame zimene zimasamuka chaka ndi chaka. Pepala lake ndi lochindikala komanso lokutidwa ndi pulasitiki, moti ngakhale ana amaligwiragwira silinang'ambike.

Chimene chinandikopa n'chakuti wojambulayo sanawongole njira ya mbalameyi ngati msewu wa tala. Arctic tern imalemera magalamu pafupifupi 100 okha, ili ndi mchira wamphanda ngati wa namzeze, ndipo imaswa ku Greenland, ku Iceland ndi m'madera ena ozizira a kumpoto. Anapiye akakula imanyamuka kulowera ku Antarctica. Mapuwa atsatira kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2010, yemwe anapeza kuti mbalamezi zimauluka makilomita oposa 70,000 pa chaka. Zimayamba zaima pafupifupi mwezi wathunthu pakati pa nyanja ya Atlantic, ndipo zikafika cha ku zilumba za Cape Verde zimagawikana, zina n'kutsata gombe la Africa, zina la Brazil, mpaka kukafika ku nyanja ya Weddell, m'mphepete mwa Antarctica. Pobwerera njira yake imakhota ngati chilembo cha S chifukwa zimatsata mphepo. Mwana wanga anailondola ndi chala kangapo, kenako n'kufunsa kuti, "Ababa, kodi ulendo wa basi wopita ku Blantyre ungakwane kangati pamenepa?"

Pamene mapuwa andikhumudwitsa ndi pa nkhani ya chakudya, chomwe n'chimene chimayendetsa ulendo wonsewo. Angojambula kansomba kamodzi pakona popanda mawu ofotokoza. Sananene kuti mbalameyi imayandama m'malere ikukupiza mapiko, kenako n'kudziponya pamadzi kukatola tinsomba tonga usipa, kapenanso kuti ikafika m'mphepete mwa madzi oundana a kumwera imadya kwambiri tizamoyo totchedwa krill. Motero mwana amaona pamene mbalame imaima koma sadziwa kuti imaimirapo kuti idye, ndipo zinatengera ine kumufotokozera kuti imathamangira chilimwe cha mbali zonse ziwiri za dziko, nthawi imene chakudya chimachuluka.

Zilembo za mayina a nyanja ndi zazing'ono kwambiri, mwakuti ine ndimachita kuvala magalasi kuti ndiziwerenge. Mawu onse ali m'Chingerezi, choncho kholo limene likufuna kuphunzitsira mapuwa likonzekere kukhala womasulira.