Bokosi la maloko atatu la banki m'khonde: n'labwino, koma si ndilo limasunga ndalama

Bokosili ndi lachitsulo, lowotcherera, ndipo lili ndi malo okolowekapo maloko atatu. Makiyi amagawidwa kwa anthu atatu, bokosilo n'kukagona kwa wachinayi wopanda kiyi. Njirayi inayamba ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991.

Pogula yang'anani mahinjesi. Akakhala kunja, munthu amangogogoda msomali wake chivundikiro n'kutseguka maloko ali chitsekere. Malokonso gulani amitundu yosiyana, chifukwa otchipa ofanana nthawi zina kiyi mmodzi amatsegula onse.

Komabe magulu ambiri amaopa wakuba amene kulibe. Nkhani ya msungichuma mmodzi wothawa ndi ndalama imamveka mudzi wonse, pomwe za amene anasunga chaka chathunthu osasowetsa ngakhale tambala sizikambidwa. Ndiponso munthu amene mwam'mana ngongole simudzadziwa kuti akanabweza.

Pamene ndalama zimasokonekera kwenikweni ndi m'mabuku: masheya osadindidwa pamaso pa gulu, kapena kukongoza munthu kuposa katatu zimene wasunga. Owerenga ndalama awiri azilengeza mokweza zotsala m'bokosi musanabalalike, ndipo sabata yotsatira muyambire pa nambala yomweyo.